Maola a pafoni ndi maola a paboda: wopita ku Joni amvere ati?

Munthu akaima pa Balaka, n'kutsegula Google Maps, n'kulemba kuti Johannesburg, foni siganiza kawiri. Imajambula mzere wabuluu wodzera pa Zalewa, Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700, ndipo pansi pake imalemba maola osakwana ndi tsiku lathunthu lomwe. Potengera masamu amenewa, wonyamuka kwa Nsamala m'boma la Balaka m'bandakucha wa Lachisanu ndiye kuti Loweruka m'mawa akumwa tiyi ku Joni. Koma amene amakwera basi pa Wenela mu Blantyre akudziwa kuti ulendo womwewu umadya tsiku ndi theka, ndipo nyengo ya Khirisimasi masiku awiri amatha munthu asanaone Park Station.

Kwa Nsamala nkhaniyi si yachilendo. Dera la Balaka, lomwe lidapatulidwa ku boma la Machinga mu 1998, pamodzi ndi Machinga ndi Mangochi, lakhala likutumiza amuna kummwera kuyambira masiku a Wenela ndi TEBA, pomwe anthu ankapita ku migodi pa kontilakiti ndipo za ulendo ankawakonzera ndi owalemba ntchito. Lero zidzukulu zawo zikuyenda mwa zokha. Ena apeza bwino, agula kagalimoto, ndipo Disembala ikafika amabwera kumudzi, pobwerera n'kutenga mayi a kunyumba, ana, mwinanso agogo oti akaonane ndi adokotala. Pokonza ulendo wotere m'pomwe pamabuka mtsutso wa pakhonde. Mphwake wanyamula foni, akuti maola ndi awa. Amalume ake, omwe aoloka Limpopo kambirimbiri, akupukusa mutu, akuti mwana iwe, safunsa adadya phula.

Mbali ya foni ndiyosavuta kuinyoza, koma ili ndi mfundo zake. Google Maps, yomwe idayamba mu 2005, siichita kulota maola. Imatenga kutalika kwa msewu, liwiro lololedwa, mbiri ya momwe magalimoto akhala akuyendera pamsewupo pa ola lomwelo m'masiku apitawo, n'kuphatikiza ndi zomwe mafoni a anthu omwe ali pamsewupo nthawi yomweyo akuonetsa. Mafoni ambiri akayamba kukwawa pamalo amodzi, mzere wabuluu uja umafiira, maola n'kuwonjezereka. Mu 2013 kampaniyi idagula Waze, yomwe madalaivala amauzirana za ngozi ndi misewu yotsekedwa, ndipo mu 2020 idalengeza kuti kulosera kwake nthawi yofikira kumalondola pa maulendo oposa 97 pa 100 alionse. Ndi mawu a mwini katundu, inde, koma amene wayendapo pa N1 kuchokera ku Musina kudzera pa Polokwane mpaka Pretoria angavomereze kuti kumeneko foni siphonya kwenikweni. Ikanena kuti pali ngozi kutsogoloku, ngoziyo umaipezadi.

Ochirikiza foni amawonjezera mfundo yomwe akuluakulu sakonda kuimva: tsobola wakale sawawa. Nzeru za pamsewu zimaguga msanga. Amalume omwe adadutsa pa Tete zaka khumi ndi zisanu zapitazo amakumbukira magalimoto onse akupanikizana pa mlatho umodzi wa Samora Machel, pomwe kuyambira mu 2014 pali mlatho wachiwiri wa Kassuende womwe udatenga mathiraki olemera. Amakumbukira msewu wa Harare kupita ku Beitbridge uli wopapatiza, m'mbali mwake mutadyeka, pomwe zaka zaposachedwapa mbali yaikulu ya makilomita pafupifupi 580 amenewa yamangidwanso. Amakumbukira Beitbridge wa fumbi ndi chipwirikiti, pomwe mbali ya Zimbabwe idamangidwanso ndi ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni, ndipo pofika mu 2022 mathiraki, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono adapatsidwa malo awoawo. Wokonza ulendo wa lero ndi zikumbutso za 2010 akhoza kuwononga tsiku lathunthu ndi ndalama za malo ogona poopa zinthu zomwe zidatha kale.

Palinso china. Maola omwe amatchulidwa m'mudzi nthawi zambiri ndi a basi kapena a matransipota, anyamata aja onyamula anthu ndi katundu pakati pa Joni ndi kumudzi. Basi ikafika paboda, okwera onse atsike, adinditse, katundu atsitsidwe, aonedwe, akwezedwenso, ndipo pasipoti ya munthu mmodzi ikavuta onse amadikira. Banja la anthu asanu pa galimoto yaing'ono silikumana ndi zonsezi. Komanso transipota ndi munthu wa bizinesi. Akamakuuzani kuti njirayi ndi yoopsa, simungaithe nokha, mwina akunena zoona, mwinanso akufuna mumulipire kuti akuperekezeni. Foni ilibe mpando woti ikugulitseni. Mayi yemwe alibe mchimwene wodziwa njira akhoza kukhala pamkeka n'kudzionera yekha kuti kuchoka pa Nyamapanda kufika Harare ndi makilomita pafupifupi 240, kuti pakati pali Mutoko, ndiponso kuti malo omwetsera mafuta ali pati. Kale chidziwitso chotere chinali cha amuna ochepa okha, ndipo ankachisunga ngati chuma.

Mbali inayo imayamba ndi funso loti foniyo imaona ndi maso a ndani. Mu 2020 katswiri wina wa zaluso wa ku Berlin, Simon Weckert, adaika mafoni 99 m'kangolo kakang'ono n'kumakakoka pang'onopang'ono mumsewu wopanda magalimoto. Google Maps idafiiritsa msewuwo, kuuza dziko lonse kuti pali mdipiti wa magalimoto. Zimenezi zidaonetsa poyera kuti makinawa saona msewu, amaona mafoni. Ku Berlin vuto lidali kuchuluka kwa mafoni. Kuno vuto ndi kuchepa kwake. Kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office wa mu 2019 adapeza kuti Amalawi ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 15 pa 100 alionse, ndipo ngakhale chiwerengerochi chakwerako, ambiri amayatsa deta pokhapokha akafuna kuona WhatsApp, n'kuzimitsanso kuti bandulo isathe. Pomwe mafoni olankhula ndi ochepa, makina amadalira kwambiri liwiro la pa chikwangwani ndi mtundu wa msewu monga udalembedwera pa mapu.

Koma msewu wa pa mapu ndi wa pansi ndi zinthu ziwiri. Kuchoka pa Chingeni kulowera ku Zalewa, dalaivala amadutsa Manjawira, Senzani, Phalula ndi Kam'mwamba, ndipo tsiku la msika phula limasanduka bwalo: akabaza, njinga zosenza matumba a makala mpaka kubisa mwini wake, mbuzi, minibasi yoima pakati pamsewu kondakitala akukuwa. Pamalo otere lamulo limati liwiro litsike, ndipo apolisi apamsewu ndi kamera yawo sakhala patali. Pa Zalewa pali lodibuloko. Ukaoloka malire, makilomita pafupifupi 120 a pakati pa Zóbuè ndi Tete amakupatsa mathiraki a mafuta ndi a katundu wochokera ku doko la Beira, kenako fumbi la malasha la ku Moatize. Kumeneko wapolisi akakuimitsa afuna kuona mathirayango awiri ndi chovala chonyezimira, ndipo zokambirana zake n'zachipwitikizi, pokhapokha mutapezana pa Chinyanja kapena Chinyungwe.

Zonsezi ndi mphindi chabe zowunjikana. Maola enieni amathera paboda, ndipo apa m'pomwe mbali ya amalume imakhala yovuta kuigwetsa.

Pakati pa Balaka ndi Johannesburg pali malire atatu: Mwanza ndi Zóbuè, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge. Malire aliwonse ali ndi mbali ziwiri, yotulukira ndi yolowera, kutanthauza mizere isanu ndi umodzi ya Imigireshoni. Banja la anthu asanu likufunika zidindo 30 kuti lifike. Imeneyo ndi mbali ya anthu. Galimoto nayo ili ndi mizere yake: chilolezo choitulutsira kunja, chilolezo cholowera kwa kanthawi m'dziko lililonse, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati woyendetsayo wangobwereka. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe, koma Mozambique sali m'bungweli, choncho pa Zóbuè pamafunika kugula ina. Ku Zimbabwe kuli misonkho ya pamsewu yolipira polowa, kenako zipata za Zinara m'njira monse. Ndalama zake n'zamitundumitundu, apa metikali, apo dola, uko randi, ndipo osintha ndalama amakuzinga usanatseke n'chitseko chomwe, wina atanyamula mpukutu wa makobiri m'manja, wina akukulonjeza kuti akudumphitsa mzere. Netiweki ya makompyuta ikagwa, onse amakhala pansi.

Tangoganizani mayi ali pamzere wa pa Cuchamano masana a Disembala, m'chigawo cha Tete momwe kutentha kumapyola madigiri 40. Mwana wina ali kumbuyo, wina wagwira chitenje akulira ludzu, mapasipoti asanu ali m'kapepala ka pulasitiki. Kutsogolo kwawo kwangotsika basi yodzaza. Bambo ali pa zenera lina ndi mapepala a galimoto, ndipo angouzidwa kuti nambala ya injini yomwe ili pa buku sikuoneka bwino, akatsegule boneti. Pa foni yomwe ili m'galimoto, malo onsewa ndi kamzere kakang'ono komwe galimoto imadutsa m'mphindi ziwiri. Google imachenjeza ndithu kuti njirayi ikuoloka malire a dziko, koma kutalika kwa mzere wa pa zenera siikudziwa, chifukwa munthu woima pamzere sali pamsewu.

Ndipo boda ili ndi nyengo zake. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, koma si zipata zonse za m'chigawo chino zomwe zimatero, moti wofika mochedwa pena amagona m'galimoto kudikira kuti kuche. Mu Disembala 2020, pomwe ankafuna zikalata zoyezetsa Covid-19, mzere wa magalimoto pa Beitbridge udatalika makilomita ambirimbiri ndipo anthu adagona pamsewu masiku angapo. Chaka chimenecho chidali chapadera, koma Khirisimasi ndi Pasaka iliyonse chipatachi chimasefukira, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yomwe mabanja amayenda chifukwa ana atsekera sukulu.

Disembala yemweyo ndi mwezi wa mvula. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adakokolola gawo la mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, wolumikiza Tete ndi Moatize. Mu Malichi 2023 Freddy adadula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, Machinga isali pambali. Mlatho ukagwa usiku, mapu sasintha m'mawa mwake pokhapokha wina atawauza. Izi zachitikapo ngakhale komwe mafoni ndi ambiri: mu 2022 ku North Carolina, m'dziko la America, bambo wina adafa atagwera pa mlatho womwe udagwa zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo banja lake lidasumira Google kuti mapu ndiwo adamulondolera kumeneko. Mu Novembala 2024 amuna atatu adafa ku India atagwa pa mlatho wosatha pa mtsinje wa Ramganga akutsata mapu a pafoni. Ndale nazo zimatseka njira. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zidatseka misewu kwa milungu yambiri, ndipo madalaivala a mathiraki ankadziwa komwe kwayaka matayala kudzera m'magulu awo a WhatsApp mapu asanadziwe kalikonse. Umbanda nawo suoneka pa mapu: ku Cape Town, Google idachita kusiya kulondolera anthu njira yodzera ku Nyanga mu 2023, alendo atachitidwa chipongwe potsata njira yomwe foni idati ndiyachidule.

Pali kanthu kena komwe mphwake uja amaiwala. Bandulo ya TNM kapena Airtel imathera paboda. Kupitirira pamenepo ndi kulipira mitengo ya kunja kapena kugula simu ya Vodacom kapena Movitel ku Mozambique, ya Econet ku Zimbabwe, ina ku South Africa. Mapu akhoza kukopedwa pafoni munthu asananyamuke, ndipo n'chinthu chanzeru kutero, koma mapu okopedwa saonetsa momwe msewu ulili panthawiyo. Mphamvu yeniyeni ya foni, ija yofiiritsa mzere, imazima pamalo pomwe ikufunika kwambiri.

Komabe, pakati pa mbali ziwirizi pali chinthu chomwe onse amachidumpha akamakangana. Funso loti foni imanama kapena ayi silikufika pa gwero. Nambala ya maola ija imayankha funso limodzi lokha: kodi matayala akhala akuzungulira kwa maola angati? Ndipo pa funso limenelo nthawi zambiri siphonya kutali. Makilomita 1,700 m'maola 22 ndi liwiro la makilomita 77 pa ola, kuyambira pa Balaka mpaka ku Joni, osaima. Galimoto ikhoza kutero. Banja silingathe. Mwana afuna kutaya madzi, agogo miyendo yatupa, nthawi ya swala yakwana, nkhuku yokazinga ija iyenera kudyedwa pamthunzi, ndipo ngati mafuta akusowa monga zakhala zikuchitikira m'Malawi kuyambira 2022, ola loyamba la ulendo likhoza kuthera pamzere wa petulo galimoto isanatuluke n'komwe m'tauni ya Balaka.

Choopsa chenicheni chili m'mutu mwa dalaivala. Nambala ikangooneka, imasanduka lonjezo. Achimwene a ku Joni auzidwa kale kuti tifika Loweruka m'mawa, ndiwo zagulidwa, ntchito iyamba Lolemba. Boda ya Mwanza yadya maola awiri, ya Nyamapanda atatu, ndipo pa galasi la foni nthawi yofikira ikungosunthira kutsogolo. Dalaivala amayamba kuthamangitsana nayo. Amaponda mafuta, amadumpha chakudya, amati tikapumira ku Masvingo, akafika ku Masvingo amati bola tikaoloke. Motero amalowa usiku m'chigawo cha Ngundu ndi Rutenga, komwe ng'ombe ndi abulu zimayenda pa phula, maso ali psuu, ana ali mtulo kumbuyo. Ku Ulaya lamulo limakakamiza dalaivala wa thiraki kapena basi kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo patsiku asapyole maola 9, kupatula masiku owerengeka. Ameneyo ndi munthu wophunzitsidwa, wolipidwa. Bambo wa kwa Nsamala, yemwe chiwongolero amachigwira yekha, akufuna kuchita maola 22 pakamodzi chifukwa foni yatero. Msewu wakewo si wamasewera: mu Okutobala 2025 basi yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi idagubuduzika m'mapiri a pafupi ndi Louis Trichardt pa N1, ndipo anthu oposa 40 adafa. Ngoziyo sidachitike chifukwa cha mapu, koma makona omwewo ndi omwe dalaivala wotopa amakumana nawo atangooloka Beitbridge.

Apa mlembi akutsamira kwa amalume, koma osati pa zifukwa zawo zonse. Akamanena kuti foni ndi bodza la azungu, akulakwitsa. Pa kutalika kwa mtunda, pa mphambano zoti ukhote, pa njira yolambalala pakati pa Harare, foni imawaposa kutalitali, ndipo pa N1 kummwera kwa Limpopo palibe chifukwa choikayikira. Chomwe amalume ali nacho, chomwe makina alibe, n'chakuti iwo amawerenga ulendo m'masiku ndi m'malo ogona, osati m'maola. Amafunsa kuti dzuwa likatilowera pati. Funso limeneli ndi lomwe limapulumutsa ana.

Banja lomwe lamvera onse awiri limapeza ulendo wa masiku atatu. Tsiku loyamba kunyamuka kusanache, kuoloka Mwanza m'mawa mabasi asanaunjikane, n'kuona kuti Nyamapanda itheka dzuwa lisanapendeke kapena kugona pa Tete. Lachiwiri kudutsa Harare n'kukagona ku Masvingo kapena kufupi ndi boda. Lachitatu Beitbridge m'mamawa, kenako makilomita oposa 500 a N1, ndi marandi a m'zipata zolipira ali pafupi. Maola a gawo lililonse achokere pafoni, maola a boda achokere kwa dalaivala yemwe wadutsa sabata yomweyo, osati chaka chatha. Wochirikiza foni adzati masiku atatu ndi ndalama zambiri, malo ogona kawiri, chakudya cha anthu asanu, ndipo akunena zoona. Kwa banja lomwe lasonkha ndalama za mafuta movutikira, usiku umodzi wa pa loji ukhoza kufanana ndi fizi ya mwana ya teremu yathunthu, ndipo n'chifukwa chake ambiri amasankhabe kuyenda usiku ngakhale akudziwa kuopsa kwake. Mtsutso wa maolawu mkati mwake muli mtsutso wa m'thumba.

Ulendo wobwerera uli ndi masamu enanso. Foni imapereka maola pafupifupi omwewo kupita kumpoto monga idaperekera kupita kummwera, chifukwa siidziwa kuti galimoto tsopano ikukoka ngolo yodzaza mabulangete, firiji, sola ndi njinga ya mwana, moti pa zitunda za Soutpansberg ikukwera ndi giya yachiwiri. Siidziwanso kuti katundu yenseyo ayenera kulembetsedwa podutsa Zimbabwe ndi Mozambique, ndiponso kuti pa Mwanza a MRA afuna malisiti a chinthu chilichonse asanawerengere msonkho. Kuchoka pa Mwanza kufika pa Balaka ndi maola awiri okha, koma mabanja ambiri amafika paboda masana n'kudzalowa m'mudzi anthu atagona kale.